Ulemu kwa Chiphapha cha pa Njerwa

M'dziko muno ulemu timaupereka kwa zinthu zothamanga. Wosewera mpira akathamanga timamuimba nyimbo, mwana akafulumira kuyenda timati ngwanzeru, ndipo pa ukwati galimoto yonyamula akwati timaimanga maliboni pomwe pa chinkhoswe sidalankhulepo ndi liwu limodzi lomwe. Sindidamvepo munthu ataimirira pagulu kuthokoza chinthu chodziwa kukhala phee. Ndiye lero ndaimirira ndine. Ndikufuna kutamanda galimoto ija mumaiona kuseri kwa mpanda wa udzu ku Chinsapo, pansi pa mtengo wa mango ku Kawale, pambali pa bafa ku Area 23 kapena pakati pa nyumba za lendi ku Mgona: yaing'ono, ya chitseko chachikulu kumbuyo, yopanda tayala ndi limodzi lomwe, itakhazikika pa njerwa ngati mfumu pa bwalo la milandu. Odutsa m'njira amaitcha chiphapha. Mwini wake amati ikukonzedwa, ndipo wakhala akunena zimenezi kuyambira ana amene ali ku sekondale lero asadabadwe.

Kwathu kuno munthu sitimutamanda tisadatchule kwawo. Ya aneba anga ndi Citi Golf yofiira, kapena ndinene kuti idali yofiira dzuwa la Okutobala lisadaichite chipongwe. Makolo ake ndi a ku Germany. Mu 1974 kampani ya Volkswagen, itaona kuti Beetle yake yotchuka ija yakalamba, idatulutsa Golf, imene maonekedwe ake adajambula ndi Mtaliyana wina, Giorgetto Giugiaro: kabokosi ka makona, injini kutsogolo, mawilo okoka nawonso akutsogolo. Pofika 1983 Ajeremani adati imeneyi yatha nthawi yake, natulutsa Golf yachiwiri. Koma ku fakitale ya ku Uitenhage, ku South Africa, tawuni imene masiku ano ikutchedwa Kariega, adakana kutaya zipangizo. Kuyambira 1984 adapitiriza kupanga yakale yomweyo pa dzina la Citi Golf, zoyambirira zili zofiira, zachikasu ndi zabuluu, ndipo sadasiye mpaka 2009, atatulutsa magalimoto oposa 370,000. Zaka 25 zathunthu galimoto imene eni ake adali ataiika kale m'manda ikutulukabe yanyuwani pa geti. Ndiye mukamaona ya aneba ikukana kupita ku zitsulo zakutha, musaiyese mwano. Makani adayambira kwa agogo ake.

Idabwera kuno ndi atsibweni awo a aneba, amene ankagwira ntchito ku Joni. Idadutsa pa Beitbridge, Harare, Nyamapanda, n'kuwoloka Zambezi pa mlatho wa ku Tete, n'kulowera pa chipata cha Dedza, pa denga pali firiji ndi matiresi, kumbuyo kutakhalira pansi chifukwa cha katundu. Akuluakulu a m'dera lathu amakumbukirabe hutala yake tsiku limenelo. Atsibweni aja atatsogola, abale adalimbirana firiji ndi mipando ya sofa. Galimoto, poti idali itayamba kale kutsokomola, onse adagwirizana mwachikondi kuti atenge mphwawo. Idayendako pang'ono, kenaka tsiku lina mu 2010, chaka chimene mpira wa dziko lonse udachitikira kwawo ku South Africa, mavuvuzela ali pakamwa, idafika pakhomo, n'kupuma mpweya umodzi wautali, osadzukanso. Anzake ali mbwee mu mzinda uno: Starlet yakale ija imene Toyota idasiya kupanga mu 1999 Vitz italowa m'malo, Tazz ya ku Durban, Mazda 323 imene ankailumikiza ku Willowvale mu Harare. Mpingo wawo ndi umodzi, ndipo onse amapemphera atakhala pansi.

Galimoto iyi idaona patali kuposa akatswiri a zachuma. Itangoima, chaka chotsatira mafuta adasowa m'dziko muno. Mu 2011 ndi 2012 mabwana a matayi ankagona m'magalimoto pa mizere ya petulo, udzudzu ukuwadya, anyamata a zigubu akuwabera masana dzuwa likuswa mtengo. Chiphapha chidagona kwawo. Mizere itabwereranso kuyambira 2022, anthu n'kumadzutsana pa WhatsApp pakati pa usiku kuti thanki yamveka ku Kanengo, aneba ankangotembenuka pa bedi n'kukokera bulangeti. Mu Novembala 2023 kwacha idagwetsedwa ndi 44 peresenti, mitengo ya mafuta n'kukwera, eni magalimoto nkhope zili ndwii. Aneba adangoti, "Pepani anzathu," n'kupukuta galasi lakutsogolo ndi kansanza. Tsiku ndi tsiku timamva madandaulo akuti ndalama zakunja zikuthera kugula mafuta. Nayi nzika imene kwa zaka zoposa khumi sidamwepo dola ndi imodzi yomwe ya dziko lino, koma pa 6 Julaye mendulo amakaveka ena.

Pa nkhani ya malamulo ndiye musachite kunena. Sidathamangepo mopyola muyezo, sidaimepo polakwika, ngakhale kuti poyenerapo idaima kamodzi n'kukhalitsa. Wapolisi wa pamsewu sadaifunsepo COF kapena inshuwalansi. Mageti olipiritsa a pa Chingeni ndi pa Kalinyeke imangowamvera pa wailesi. Sidagundepo wa kabaza, sidathirepo matope mayi wopita ku tchalitchi. Munthu yekhayo amene idamuvulaza ndi mlendo wina amene ankapita kuchimbudzi usiku magetsi atazima, ndipo onse amene adaweruza nkhaniyo m'mawa adapeza kuti woyenda adali iyeyo, galimoto idali chiimire.

Ena amati ndi yaulesi. Bodza. Pa boneti amayanikapo mbale ndi ufa wonyowa wochokera kuchigayo. Mu buti mumakhala makala nthawi ya dzinja, ndipo sanyowa. Ana onse a mu mzere wathu adaphunzirira kuyendetsa m'menemo: wina pa chiwongolero akuliza injini ndi milomo, wina atatulutsa mutu pa zenera akuitanira, "Tauni! Tauni! Mmodzi yekha!", ena kumbuyo akulipira masamba a mango. Afika ku Mzuzu, afika ku Nsanje, osachita ngozi. Komanso m'madera athu ano, mmene misewu ilibe mayina ndipo nyumba nambala zake amazidziwa ndi a madzi okha, chiphapha ndiye adiresi. "Mukatsika pa siteji, muyende mpaka pa chigalimoto chofiira, mukhotere kumanja." Atati achichotse lero, theka la alendo a ku Kawale lingasochere.

Koma ulemerero wake weniweni umaoneka Loweruka. Aneba amadzuka tambala asadatsike, n'kuvala ovolosi ya buluu imene adagula pa kaunjika chifukwa cha ntchito imeneyi basi. Amayala thumba la feteleza pansi, n'kundandalika masipanala mwa msinkhu wawo, n'kutsegula boneti, n'kuichirikiza ndi mpini wa khasu. Kulira kwa boneti imeneyo ndiye belu. Posakhalitsa abambo a m'makomo oyandikana amayamba kufika mmodzimmodzi, manja kumbuyo, aliyense ndi nzeru zake. Pali madala ena amene adayendetsapo lole nthawi ya Kamuzu, amene matenda onse a galimoto amawapeza mu kabuleta. Pali aphunzitsi opuma amene amakhulupirira koyilo. Pali mnyamata wa foni amene amaonetsa anthu mavidiyo a pa YouTube a azungu akukonza Golf m'magalaja owala kuposa chipatala. Ine ndimapita ngati woyang'anira, ndipo ntchito yanga ndi kugwira tochi.

Nyumba ya malamulo imeneyi siyoseweretsa, chifukwa nkhani zake n'zenizeni. Injini ya petulo imafuna zinthu zinayi kuti ilire: mafuta, mpweya, moto wa pa pulagi, ndi mphamvu ya pisitoni yopanikiza zonsezo. Galimoto ikakhalitsa, chilichonse mwa zinayizi chimapeza njira yakeyake yofera. Petulo wakale amauma n'kusiya zomata zimene zimatseka timabowo ta mu kabuleta, tina tochepa moti singano siilowa. Petulo wathu amasakanizidwanso ndi ethanol wochokera ku nzimbe, amene fakitale ya ku Dwangwa idayamba kupanga mu 1982. Ameneyu amakoka chinyezi, ndiye thanki ikangokhala, madzi amadikha pansi, dzimbiri n'kumanga mudzi. Mapaipi a labala amauma n'kung'aluka. Maring'i amamatirira ku makoma a silinda, injini n'kuuma gwa. Apa mankhwala ake ndi kuchotsa mapulagi, kuthira oyilo pang'ono m'mabowo mwake, kudikira masiku, kenaka kuika sipanala pa bawuti ya kutsogolo kwa injini n'kumagwedeza mwaulemu, uku ndi uku, osakakamiza. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Tsiku limene bawuti ija idasuntha koyamba, madala a lole aja adavula chipewa.

Nanga mawaya? Makoswe adachita nawo phwando kalekale, ndipo adasankha bwino: adadya okhawo opita kumene munthu sangafikeko ndi dzanja. Kenaka pali mkangano umene watha miyezi, wa mawaya anayi ochoka pa disitibyuta kupita ku mapulagi. Injini imeneyi imayatsa masilinda ake motere: 1, 3, 4, 2. Aliyense pabwalopo amadziwa zimenezi. Chimene sagwirizana n'chakuti woyamba ndi uti, ndipo powerenga uzungulire cha kuti. Aphunzitsi akalumikiza mwa njira yawo n'kupita kukamwa madzi, madala amasintha. Ndidaonapo anthu awiri amene sadalankhulane chiyambire chisankho cha 2019 atagunditsana mitu pansi pa boneti imodzi, akuuzana kuti, "Tagwirani apa, achimwene." Mabungwe oyanjanitsa anthu amawononga ndalama zambiri m'mahotela a ku nyanja pofuna zomwezi.

Yerekezani ndi timagalimoto tatsopano timene tikutsika pa doko la Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe: ma Vitz, ma Passo, ma Mira, ndi ma Sienta amene asanduka minibasi. N'tokongola, sindikana. Koma kakadwala, kamangoyatsa kanyali pa dashibodi n'kukhala chete, mpaka abwere munthu wa kompyuta adzakafunse m'chinenero chake, inu eni ake mutaima poteropo, chikwama chokha chikutenga nawo mbali. Chiphapha chilibe chinsinsi. Sipanala 10, 13 ndi 17, sikuludiraiva, waya ndi mphira ya chubu, basi mwalowa m'mimba mwake. Chimakulolani kulakwitsa ndi manja anu, ufulu umene ukusowa masiku ano.

Masipeya ndiwo amasandutsa mwini chiphapha kukhala munthu wodziwa mzinda. Aneba amadziwa Biwi Triangle kuposa khonde lawo. Amadziwa galaja iti ili ndi Golf ina yakufa kuseri, mashopu ati a kwa Malangalanga amene mwini wake amayamba waseka asadayankhe, mnyamata uti amene amati "dikirani pompano, biggie" n'kusowa ola lathunthu, n'kubwera ndi chitsulo chimene chikufanana ndi chanu pena paliponse kupatula pamene pali pofunikapo. Chaka china adatumiza lamba wa injini ndi gasiketi kwa mlamu wawo wa ku Joni. Zidabwera pa basi zitakulungidwa mu bulangeti la mayi ena, ndipo tidazilandira ndi Fanta. Za makaniko amene adatenga kabuleta kuti akaitsuke, n'kusamuka dera osatsazika, sitinena zambiri, poti pano tili pa chikondwerero. Tingoti naye chiphapha chidamudyetsa, monga chadyetsera owotcherera amene adazigamba pansi pake ndi chitsulo cha mgolo, pamene dzimbiri lidaboola mpaka munthu kumaona nyerere zikudutsa pansi pa mapazi. Ntchito ya tsiku limodzi imeneyo idatha sabata, magetsi akubwera usiku okhaokha. Boma likamawerenga amene akupereka ntchito kwa achinyamata, lisadumphe pakhomo pa aneba.

Tsono pali otsutsa boma, ndipo mtsogoleri wawo ndi mayi a pakhomopo. Mfundo zawo n'zolimba, ndivomere. "Inu abambo," amatero ataima pakhomo la khitchini, chipande chili m'manja, "malo amenewa tikadamangapo kachipinda ka lendi, bwenzi pano ana fizi sitikuvutika nayo. Ndalama ya banki m'khonde ija mudati mukubweza mwezi wa mawa, idalowa m'chitsulo chimenechi. Chikupatsani chiyani?" Aneba sayankha mwamwano. Amatulutsa mutu pansi pa boneti, girisi ali pamphumi, n'kunena modekha, "Mayi, mtima pansi. Ikangodzuka iyi, ulendo woyamba ndi wa ku Salima, inu kutsogolo." Ulendo wa ku Salima umenewu wakhala ukukonzedwa nthawi yaitali moti nsomba zimene zidali kuwadikira zidadyedwa kale ndi ena.

Pa masamu mayi akulondola, ndipo palibe angawatsutse. Koma pali zina zimene sadaziike pa sikelo. Loweruka lonse bambo amakhala pakhomo, maso awo akuwaona, pamene amuna anzawo ali ku Bwandilo akukonza zinthu zina. Ndipo aiwala kuti m'madera athu galimoto yoyenda si ya mwini wake. Ndi ya maliro onse a m'dera, ya matenda a pakati pa usiku, ya abale ochokera kumudzi amene akufuna kukatengedwa ku depoti ndi matumba awo, ya mlamu amene akungobwereka "pang'ono pokha" n'kuibweza thanki ili gwa, galasi limodzi palibe. Ukakana, dzina lako laipa mpaka kumudzi. Chiphapha chidapulumutsa banja limeneli ku zonsezi, koma ulemu wa galimoto chidawasiyira. Ku tchalitchi aneba amawerengedwa m'gulu la eni magalimoto. Pa msonkhano wa maliro amatha kuimirira n'kunena ndi chisoni chenicheni kuti, "Ikadakhala kuti yanga ija ili bwino, sitikadavutika," anthu n'kugwedeza mitu mothokoza. Ndi chuma chiti china chimene chimakupatsa dzina la wopatsa osakuchotsera kanthu?

Adani enieni ndi anyamata ogula zitsulo zakutha, oyenda ndi wilibala ndi sikelo ya m'manja. Akafika pa mpanda amaima, n'kumachiyang'ana mwa njala, akuwerengera makilogalamu mumtima. M'maso mwawo mulibe Giugiaro, mulibe mlatho wa ku Tete. Akuona mbaula, makasu ndi zitseko za makola. "Madala, tikupatseni zingati?" Aneba amawayankha kuti ku Joni ndi ku Ulaya kuli anthu amene amazisakasaka galimoto zimenezi, amazipukuta n'kumakazionetsa pa zionetsero, ndipo zimenezi n'zoona. Kungoti anthu amenewo sadafikebe ku Kawale, mwina chifukwa cha misewu.

Ndisabise, tsiku lina tidatsala pang'ono kutaya zonsezi. Lidali Loweruka la mwezi wa Ogasiti, mphepo ikuulutsa fumbi ndi mapepala a shuga. Kabuleta ina idali itapezeka, mawaya atalumikizidwa mwa njira imene aliyense ankati ndi yake. Batire tidabwereka kwa a minibasi, matayala anayi kwa anthu atatu. Petulo adali m'botolo la malita awiri lomangirira pa boneti ndi mphira, kapaipi katatsikira mu kabuleta, poti thanki sitidali kuikhulupirira. Aneba adalowa, n'kupukuta manja pa ovolosi, n'kupotokola kiyi. Sitata idadandaula. Kachiwiri, idatsokomola. Kachitatu kudamveka kuphulika kumene kudabalalitsa agalu mpaka kutsidya kwa Lilongwe, kenaka chimkokomo, utsi uli tolotolo, zisa za makoswe ndi makoko a mtedza zikutuluka ku ekizozi. Yalira! Amayi adasiya zochapa n'kuyamba nthungululu. Ana adathamangira kumbuyo kwake. Mayi a pakhomopo, mtsogoleri wa otsutsa uja, ndidawaona ndi maso angawa akumanga chitenje chatsopano.

Idatuluka pa geti, n'kutsetsereka ndi kamsewu kathu ka mabampu, aneba atagwira chiwongolero ndi manja awiri, nkhope ili ngwee. Pamene inkafika pa mjigo anthu awiri adali atawaimika kale, wina akufunsa ngati Lachitatu angawaperekeze ku Mitundu kukatenga chimanga, wina akuti apongozi ake ali ndi sikelo ku chipatala. Ndidaona nkhope ya aneba ikusintha. Galimoto nayo iyenera kuti idamva, chifukwa pa chigayo penipeni idatulutsa nthunzi, n'kunjenjemera, n'kuzima. Mabuleki, amene pa chisangalalo chonsecho palibe adawakumbukira, sadafunikenso. Tidaikankha kubwerera kunyumba anthu asanu ndi mmodzi, wa chimanga uja ali m'gulu, ndipo pofika madzulo matayala adali atabwerera kwa eni ake, njerwa zili m'malo mwake.

Nyumba ya malamulo idakumana mawa lake titaweruka ku tchalitchi. Madala akuti ndi gasiketi ya pamutu, aphunzitsi akuti ndi pampu ya madzi, mnyamata wa foni akuti lediyeta yatsekeka ndi dzimbiri, ndipo mwina onse atatu akunena zoona. Kuti tidziwe, pafunika kumasula mutu wa injini. Ntchitoyi ikadayamba Loweruka lapitali, koma potsegula chitseko kuti atenge bokosi la masipanala, aneba adapeza nkhuku ya mayi itafungatira mazira khumi ndi awiri pa mpando wa dalaivala. Nkhuku imafungatira masiku 21. Mayi alamula kuti aliyense wogwedeza galimotoyo asadaswe anapiye aona chidameta nkhanga mpala, ndipo aka n'koyamba m'mbiri ya banjali kuti iwo aikire kumbuyo chiphapha. Msonkhano wotsatira ukhalako mwezi wa mawa.